Kuphunzira Kuona Dzuwa ndi Telesikopu Yaing'ono Popanda Kuwononga Maso

Pa zinthu zonse zakuthambo zimene munthu angalozeko telesikopu, dzuwa ndi lokhalo limene lingamuvulaze. Mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi mukhoza kuziyang'ana usiku wonse osaopa kanthu, koma kuwala kwa dzuwa kukalowa mu telesikopu yosatetezedwa n'kufika m'diso, kanthawi kosakwana sekondi imodzi n'kokwanira kusiya chilema chosachiritsika. Komabe dzuwa lomwelo ndi limene limamupindulitsa kwambiri munthu wa telesikopu yaing'ono, popeza ndi nyenyezi yokhayo imene nkhope yake tingaione bwinobwino, ndipo nkhopeyo imasintha tsiku ndi tsiku. Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo m'mimba mwake mungandandalikemo mapulaneti 109 aakulu ngati dziko lathuli, choncho ngakhale telesikopu imene kukamwa kwake ndi kwa mamilimita 60 kapena 70 imatha kuonetsa mawanga akuda, ena mwa iwo aakulu kuposa dziko lapansi.

Ndi bwino kumvetsa kaye gwero la ngoziyo, chifukwa munthu amene akudziwa kumene lamulo lachokera salinyozera msanga. Masana, mwana wa diso amachepa mpaka mamilimita awiri kapena atatu, pamene lenzi ya mamilimita 70 imasonkhanitsa kuwala kochuluka kuwirikiza maulendo mazana angapo n'kukuunjika pa kadontho kamodzi. Pepala loikidwa pamalo pamene pamakhala diso limayamba kufuka utsi m'masekondi ochepa. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira chithunzi cha zonse zimene timaona, ndipo kachikopa kameneka sikamva ululu. Kakhoza kupsa mwini wake osamva kupweteka kulikonse, ndipo nthawi zambiri amadzazindikira patapita maola angapo, pamene pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana payamba kuoneka banga lakuda, kapena mizere yowongoka yayamba kuoneka yokhota. Kuphethira sikupulumutsa, chifukwa kuwala kumakhala kutafika kale. Dzuwa limatulutsanso kuwala kwa ultraviolet ndi infrared kumene diso silikuona, motero chinthu chikhoza kulichititsa dzuwa kuoneka lozirala chikulowetsabe kuwala koopsako.

Fyuluta ya kutsogolo

Chitetezo chonse chagona pa mfundo imodzi, yakuti kuwala kuchepetsedwe kusanalowe mu telesikopu. Fyuluta yoyenera imavekedwa kukamwa kwa telesikopu, kutsogolo kwenikweni, ndipo imaphimba kukamwa konseko osasiya mpata m'mbali. Imalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuwala kwa dzuwa, mlingo umene opanga amaulemba kuti OD 5 kapena ND 5. Mitundu yofala ilipo iwiri: ina ndi ya galasi lokutidwa ndi chitsulo chopyapyala, imene kawirikawiri imaonetsa dzuwa lachikasu kapena lofiirira, ndipo ina ndi ya kapepala konyezimira kopyapyala kwambiri, monga AstroSolar ya kampani ya ku Germany ya Baader Planetarium, imene imaonetsa dzuwa loyera. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimaona kuti kapepalako ndiko kabwino, chifukwa chithunzi chake sichichita chimbuuzi, sikalemetsa telesikopu mbali imodzi, ndipo mukhoza kukadula molingana ndi telesikopu iliyonse. Pogula werengani bwino zimene zalembedwapo, popeza palinso kapepala ka OD 3.8 kooneka chimodzimodzi, kamene anapangira ojambula ndi kamera basi, ndipo sikateteza diso.

Matelesikopu ena, makamaka akale, amabwera ndi kagalasi kakuda kolembedwa kuti Sun, kopotokolera pa kagalasi koikapo diso. Mukakapeza m'bokosi, katayeni, musakasunge n'komwe, kuopa kuti wina amene sadziwa angadzakatole. Kamakhala pamalo pamene kutentha konse kwaunjikana, ndipo kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Chimodzimodzinso magalasi a dzuwa ovala kumaso ngakhale mutawasanjikiza angapo, galasi lodetsedwa ndi mwaye, filimu ya X-ray, ma CD, timapepala tonyezimira tokutira katundu, fyuluta yoonera mwezi ndi mafyuluta akuda a kamera: palibe ndi chimodzi chomwe mwa zimenezi chimene mungachidalire. Magalasi oonera kadamsana okhala ndi chizindikiro cha ISO 12312-2 ndi abwino poyang'ana dzuwa ndi maso okha, koma kuwavala n'kuika diso pa telesikopu yopanda fyuluta n'kuputa ngozi, chifukwa kuwala kounjikidwa kumawabowola nthawi yomweyo.

Ngati mwagula kapepala kopanda chomangira, chomangiracho mukhoza kupanga nokha ndi katoni yolimba, ndipo ntchito imeneyi imafuna kudekha. Dulani mphete ziwiri za katoni, bowo lake lofanana ndi kukamwa kwa telesikopu, m'mphepete mwake motambalala masentimita angapo. Matani tepi yomata mbali zonse ziwiri pa mphete imodzi, yalani kapepalako patebulo pamwamba pa nsalu yofewa, kenako tsitsirani mpheteyo pa kapepalako mofatsa osakakoka, n'kuphimba mbali inayo ndi mphete yachiwiri. Makwinya ang'onoang'ono asakudetseni nkhawa, chifukwa saononga chithunzi; chimene chimaononga ndi kukakoka kapepalako mpaka kukungika ngati chikopa cha ng'oma. Kapepala kena kamabwera ndi kapulasitiki kapena kapepala kopyapyala kokatetezera pa ulendo, ndipo kameneka kachotsedwe musanamate. Mukatero, zungulizani mzere wa katoni kunja kwa chubu cha telesikopu maulendo atatu kapena anayi, mukupaka guluu pakati pa zigawozo koma osamatira ku telesikopuyo, mpaka mupeze chivindikiro chakuya masentimita osachepera asanu chimene chimalowa mothina. Matani mphete zija pa chivindikirocho n'kutseka ming'alu yonse ndi tepi yakuda. Poyesa, zondotsani telesikopu kuti kukamwa kuloze pansi n'kuigwedeza mwamphamvu ndithu. Fyuluta ikasuntha ngakhale pang'ono, onjezerani katoni m'kati mwake. Ngakhale italimba chotani, poigwiritsa ntchito muziimatabe ndi tepi malo atatu, chifukwa mphepo yamkuntho kapena dzanja la mwana sizichenjeza.

Telesikopu ya kalilole, yamtundu wa Newton, imatetezedwa mofananamo. Chivindikiro chake nthawi zambiri chimakhala ndi kabowo cha kumbali, ndipo mukhoza kumata kapepala pa kabowoko m'malo mophimba kukamwa konse, bola muzungulize chivindikirocho kuti kabowoko kasagwere pa timitanda togwira kalilole wamng'ono. Kabowoko pakokha, kopanda fyuluta, si chitetezo ayi.

Fyuluta iyenera kuyenderedwa ulendo uliwonse musanaiveke. Inyamuleni n'kuyang'ana kudzera mwa iyo babu lowala kwambiri, mukuisunthasuntha. Fyuluta yabwino imaoneka yakuda bii, kupatula mwina kachingwe ka babu kooneka mozirala. Mukaona timadontho towala, pong'ambika kapena pamene chitsulo chakanuka, ileke, pangani ina.

Chinthu china chofunika kuchita dzuwa musanaliyandikire ndi kuizolowera telesikopu yeniyeniyo. Si nzeru kuphunzira komangira ndi komasulira zomangira zake muli padzuwa, thukuta lili kamukamu, maganizo ali pa fyuluta. Tengani mausiku angapo mukuyang'ana mwezi, umene kuthambo umaoneka wofanana ndi dzuwa kukula kwake, pafupifupi theka la digiri. Phunzirani kuupeza, kuutsatira pamene ukuyenda, ndi kusinthanitsa timagalasi toikapo diso. Mwezi ukaoneka bwino kwambiri, ikani kachizindikiro ka pensulo pa kachubu ka fokasi, kamene mumakasuntha kuti chithunzi chioneke bwino, chifukwa dzuwa lidzaoneka bwino pafupifupi pamalo omwewo, ndipo zimenezi zidzakuchotserani theka la vuto la tsiku loyamba.

Tsiku loyamba padzuwa

Nthawi yabwino kawirikawiri ndi m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono koma nthaka isanatenthe. Mdani wamkulu wa woonera dzuwa ndi mpweya wofunda umene umakwera kuchokera pansi n'kumagwedeza chithunzi, ndipo mpweya wotere umachuluka pamwamba pa madenga, pa konkire ndi pa msewu wa phula. Imikani telesikopu pa udzu ngati n'kotheka, ndipo pewani kuyang'ana dzuwa pamene lili pamwamba penipeni pa denga la nyumba yoyandikana. Kuonera pawindo, ngakhale lotsegula, kumapereka chithunzi choipa chifukwa mpweya wa m'nyumba ndi wa kunja umasakanikirana pomwepo.

Dongosolo la manja liyenera kukhala limodzimodzi masiku onse mpaka lilowe m'magazi. Tulutsani telesikopu ili yovindikira, ndipo muiimike italoza kutali ndi dzuwa. Choyamba samalani katelesikopu kakang'ono kolozera kamene kamakhala pamwamba pa chubu: kachotseni, kapena katsekeni kutsogolo ndi chivindikiro chomatidwa ndi tepi. Anthu ambiri amakaiwala, chonsecho nako kamaunjika kuwala kokwanira kupsereza diso, tsitsi kapena chovala, ndiponso munthu amene anazolowera kusuzumiramo usiku akhoza kusuzumiramo masana asanaganize. Kolozera ka kadontho kofiira nako katsekedwe, chifukwa kuti mukagwiritse ntchito muyenera kuyang'ana dzuwa mwachindunji. Mukatero vekani fyuluta, imateni, igwedezeni ndi chala, ndipo pokhapokha zonsezi zitatheka m'pamene mungatembenuzire telesikopu kudzuwa.

Kulipeza dzuwa kumavuta kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kudzera mu fyuluta thambo lonse limakhala lakuda ndipo palibe chokutsogolerani. Musayese kuloza poyang'ana m'mbali mwa chubu. Fulatirani dzuwa, muyang'ane mthunzi wa telesikopu pansi kapena pa katoni yoyera imene mwaika kumbuyo kwake. Sunthani chubu pang'onopang'ono, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi, mukuona mthunziwo ukufupika, mpaka usanduke wozungulira ndi waung'ono kwambiri. Pamenepo telesikopu yaloza dzuwa kapena yatsala pang'ono. Ikani diso pa kagalasi, ndipo ngati mukuonabe mdima, yendetsani chubu mozungulira pang'onopang'ono kufikira kuwala kutulukire m'mphepete. Amene akufuna kufewetsa ntchitoyi akhoza kumata timakatoni tiwiri pamwamba pa chubu, kakutsogolo kokhala ndi kabowo ka singano, kakumbuyo kopanda bowo. Tsiku limene dzuwa lili pakati pa kagalasi, lembani chizindikiro pamene kadontho ka kuwala kagwera pa kakatoni kakumbuyo, ndipo kuyambira pamenepo kulipeza dzuwa kudzakhala kwa masekondi ochepa.

Yambani ndi kagalasi kokulitsa pang'ono, kamene ndi kokhala ndi nambala yaikulu. Kuti mudziwe mlingo wa kukulitsa, gawani utali wa fokasi wa telesikopu, umene ndi mtunda wochokera pa lenzi kufika pamene kuwala kumaunjikana, ndi nambala ya kagalasiko: telesikopu ya utali wa fokasi wa mamilimita 700 ndi kagalasi ka mamilimita 25 zimakulitsa maulendo 28, pamene kagalasi ka mamilimita 10 kamakulitsa maulendo 70. Pa maulendo 28 dzuwa lonse limakwana bwino ndipo pamatsala malo m'mbali, zimene zimathandiza kulisunga m'maso. Manambala akuluakulu olembedwa pa mabokosi a matelesikopu musawasamale, chifukwa masana mpweya suloleza kawirikawiri kukulitsa kopitirira maulendo 60 kapena 100, ndipo kupyola pamenepo chithunzi chimangokula osawonjezera chilichonse chooneka.

Pokonza fokasi, yang'anani m'mphepete mwa dzuwa, osati pakati pake. Potokolani mpaka mzere wa pakati pa kuwala ndi mdima uoneke wodulidwa bwino, pitirirani pang'ono, kenako bwererani. Kuwala kwa masana kolowera m'mbali mwa diso kumabisa zinthu zambiri, choncho fundani nsalu kumutu, kapena bowolani katoni yaikulu n'kuiveka pa chubu kuti ikupatseni mthunzi kumaso. Mudzaonanso kuti dzuwa silikhala malo amodzi. Chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, limayenda madigiri 15 pa ola, kutanthauza kuti limasuntha mtunda wofanana ndi m'mimba mwake pa mphindi ziwiri zilizonse. M'malo molithamangitsa nthawi zonse, liikeni kumbali kumene likuchokera, chotsani manja kuti kugwedera kuleke, mulisiye lidutse lokha, kenako mubwezenso.

Zimene zimaoneka

Choyamba kuonekera ndi chakuti m'mphepete mwa dzuwa ndi mozirala poyerekeza ndi pakati. Dzuwa ndi mpira wa mpweya wotentha, ndipo pakati pake timaona mozama, pamene pali potentha kwambiri, pomwe m'mphepete timaona mopendekera ndipo maso amathera m'zigawo zapamwamba zozizirirapo. Nkhope imene tikuionayi imatentha madigiri pafupifupi 5,500 a Celsius.

Mawanga ndiwo amakopa maso. Banga lalikulu mukaliyang'anitsitsa limakhala ndi magawo awiri: pakati pakuda kwambiri potchedwa umbra, ndi mkombero wotuwa wotchedwa penumbra, umene mpweya ukadekha umaonetsa timizere tolozera kunja. Mawanga ndi malo amene mphamvu ya maginito yachuluka mpaka kutchinga kutentha kochokera pansi, motero pakati pake pamazizirirapo ndi madigiri 1,500 kapena 2,000 poyerekeza ndi malo ozungulira. Kuda kwake n'kongoyerekeza ndi kuwala kwa pambali pake, chifukwa banga lotere litakhala palokha kuthambo likhoza kuwala kwambiri. Nthawi zambiri mawanga amabwera m'magulu, lina lotsogola ndi lina lotsatira, ndi timadontho tating'ono pakati pawo. Musanasangalale kuti mwapeza banga, zungulizani kagalasi koikapo diso: kadontho kakazungulira nako, ndi fumbi la pagalasi, koma kakakhala pomwepo ndi ka padzuwa.

Cha m'mphepete, pamene kuwala kwazirala, funani timadera toyera tooneka ngati timitsempha, totchedwa faculae, timene kawirikawiri timazungulira magulu a mawanga ndipo timatha kukhalapo banga lisanabadwe kapena litafa kale. Chovuta kwambiri kuchiona ndi timibulu ta pankhope yonse ya dzuwa, timene ndi nsonga za mpweya wobwata wokwera kuchokera pansi, kalikonse kotambalala makilomita pafupifupi 1,000 ndipo kokhala mphindi zowerengeka chabe. Telesikopu ya mamilimita 60 kapena 70 imangoonetsa kuti nkhopeyo si yosalala, ndipo timibulu tokhatokha timafuna kukamwa kokulirapo ndi mpweya wodekha kwambiri.

Apa m'pamene woyamba amasiyana ndi wozolowera. Woyamba amasuzumira kwa masekondi khumi, n'kunena kuti waona mpira woyera wokhala ndi timadontho tiwiri. Wozolowera amakhala pampando, diso lili pa kagalasi kwa mphindi zingapo, kudikira tinthawi timene mpweya umaima ndipo chithunzi chimayera kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. M'tinthawi timeneti banga limodzi limagawika patatu, mlatho woyera umaoneka utadutsa pakati pa umbra, ndipo timadontho timene sitimaoneka timatulukira. Mpando ndi wofunika kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa munthu woimirira atawerama sangakhazike diso malo amodzi.

Malawi ofiira otumphuka m'mphepete mwa dzuwa, amene mumawaona pa zithunzi za pa intaneti, saoneka ndi fyuluta imeneyi, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musakhumudwe. Amafuna telesikopu yapadera ya H-alpha, imene imalowetsa kuwala kofiira kwa mpweya wa haidrojeni kokha. Dziwani kuti palinso mafyuluta otchedwa H-alpha ojambulira mitambo ya nyenyezi usiku, ndipo amenewa ndi osiyana kotheratu, sangateteze diso padzuwa.

Kulemba zimene mwaona

Kuona dzuwa kamodzi n'kosangalatsa, koma phindu lake lenileni limabwera mukamalitsatira masiku otsatizana. Jambulani bwalo la masentimita 10 kapena 15 papepala, lembani tsiku, nthawi, kagalasi kamene mwagwiritsa ntchito ndi mmene mpweya unalili, kenako ikani banga lililonse pamalo pake ndi pensulo, kuyamba ndi aakulu. Popeza matelesikopu amatembenuza chithunzi mosiyanasiyana, pezani mbali zake motere: siyani telesikopu osaikhudza, ndipo mbali ya dzuwa imene imatsogola potuluka ndi ya kumadzulo, mukakankhira chubu pang'ono kumpoto, mbali imene imayamba kubisika ndi ya kumwera. Kujambula kumaphunzitsa diso kuposa china chilichonse, chifukwa simungajambule chinthu chimene simunachiyang'anitsitse.

Pakatha masiku atatu kapena anayi, mapepala anu adzaonetsa kuti mawanga akusuntha kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, madigiri pafupifupi 13 pa tsiku, ndipo banga lokhalitsa limatenga pafupifupi masabata awiri kuti lidutse nkhope yonse. Umenewu ndi umboni wakuti dzuwa limazungulira, umene Galileo Galilei ndi ena a m'nthawi yake anauona m'zaka za 1610 mpaka 1613. Pa ikweta pake limazungulira kamodzi pa masiku pafupifupi 25, pamene cha kunsonga zake limatenga masiku oposa 30. Mukafuna kuwerenga mawanga monga amachitira akatswiri, tsatirani njira imene Rudolf Wolf wa ku Switzerland anayambitsa mu 1848: chulukitsani chiwerengero cha magulu ndi 10, n'kuwonjezerapo chiwerengero cha mawanga onse. Magulu atatu okhala ndi mawanga 14 amapereka 44, ndipo banga limodzi lokhala lokha limapereka 11, chifukwa limawerengedwanso ngati gulu.

Chiwerengerochi chimakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11. Amene anatulukira zimenezi, Heinrich Schwabe, anali wogulitsa mankhwala mumzinda wa Dessau ku Germany, ndipo anayang'ana dzuwa pafupifupi tsiku lililonse lopanda mitambo kuyambira mu 1826 mpaka anazindikira kayendedweka mu 1843. Nyengo imene akatswiri amaitcha ya nambala 25 inayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a sayansi a boma la America a NASA ndi NOAA analengeza kuti dzuwa lafika pachimake pake. Choncho musadabwe ngati m'zaka zina mupeza magulu ambirimbiri, pamene m'zaka zina dzuwa limatha masabata lili loyera mbee. Tsiku lopanda banga nalo lilembedwe. Mukamaliza kujambula, yerekezani pepala lanu ndi zithunzi za tsikulo zochokera ku chombo cha NASA cha Solar Dynamics Observatory, chimene chinaponyedwa mu 2010. Ndikulangiza kuti muziyang'ana zithunzizo mutajambula kale, chifukwa diso limakonda kuona zimene lauzidwiratu.

Pali njira ina yakale yoonera dzuwa yosafuna fyuluta, yoponyera chithunzi papepala, imene Benedetto Castelli, wophunzira wa Galileo, anaigwiritsa ntchito. Mumalola kuwala kudutsa mu telesikopu n'kugwera pa katoni yoyera yoikidwa masentimita 20 kapena 30 kumbuyo kwa kagalasi, mumakonza fokasi mpaka bwalo la dzuwa lioneke bwino, ndipo mumatchinga kuwala kwa m'mbali ndi katoni ina yovekedwa pa chubu. Ndi njira imeneyi Richard Carrington anali kujambula mawanga ku Redhill, ku England, pa 1 Sepitembala 1859, pamene anaona timadera tiwiri towala kwambiri tikutulukira pagulu lalikulu la mawanga kwa mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pasanathe tsiku limodzi namondwe wa maginito anasokoneza mawaya a telegalafu m'maiko ambiri. Ubwino wa njirayi ndi wakuti anthu ambiri amaonera limodzi, koma kwa woyamba sindiikonda. Kutentha konse kumadutsa m'kati mwa telesikopu, ndipo matelesikopu ambiri a oyamba ali ndi zipangizo za pulasitiki zimene zimasungunuka, komanso timagalasi tomatidwa ndi guluu timaonongeka. Ndi yoyenera telesikopu ya malenzi yaing'ono yokhala ndi kagalasi kachitsulo kosavuta, ndipo muziitembenuza kuchoka padzuwa pakatha mphindi zochepa zilizonse kuti izizire. Pa telesikopu ya kalilole yotsekedwa ndi galasi kutsogolo, yamtundu wa Schmidt-Cassegrain kapena Maksutov, musaiyese n'komwe. Choopsa koposa n'chakuti kagalasi kamakhala poyera, pamsinkhu wa mwana, kuwala koopsa kukutuluka, choncho dzanja lanu lisachoke pafupi nako.

Mukamaonetsa ena, kaya ndi fyuluta kapena ndi pepala, munthu wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito imodzi yokha yoyang'anira telesikopu, ndipo ana auzidwe momveka kuti zimene akuchitazi n'zotheka chifukwa cha fyuluta, kuopa kuti angakayesere kunyumba ndi mabainokyula. Telesikopu yoloza dzuwa isasiyidwe yokha ngakhale kwa mphindi imodzi; ngati mwaitanidwa, itembenuzeni n'kuivindikira musanachoke. Kujambula ndi foni n'kotheka poyandikiza kamera yake pa kagalasi, fyuluta ili pamalo pake, ndipo mukachepetsa kuwala pa foniyo mawanga aakulu amaoneka. Mitambo yopyapyala, fumbi la mumlengalenga kapena kulowa kwa dzuwa si zifukwa zochotsera fyuluta, chifukwa mtambo umatha kung'ambika nthawi iliyonse. Pa kadamsana wapang'ono kapena wa mphete, fyuluta ikhale pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Fyuluta yomweyo idzakuthandizaninso pa 13 Novembala 2032, pamene pulaneti ya Mercury idzadutsa kutsogolo kwa dzuwa. Idzaoneka ngati kadontho kozungulira bwino, kakuda kwambiri, kopanda mkombero wotuwa, ndipo ndi kakang'ono kwambiri moti maso okha sangakaone.

Pomaliza ntchito ya tsikulo, dongosolo lija libwerere chambuyo. Tembenuzani telesikopu ichoke padzuwa, ilozeni pansi kapena mbali ina ya thambo, ndipo mukatero m'pamene muchotse tepi ndi fyuluta n'kubwezera chivindikiro. Musachotse kagalasi kapena fyuluta chubu chikadaloza dzuwa, ngakhale mukuganiza kuti palibe amene asuzumiremo. Fyuluta isungidwe m'bokosi lolimba lotsekeka, pamalo ouma, pamene palibe chinthu chosongoka chimene chingaikhudze, ndipo musaigwire pankhope pake ndi zala kapena kuipukuta ndi nsalu. Fumbi likakhalapo, liuluzeni ndi kapampu kopemerera magalasi a kamera. Katelesikopu kolozera mukabwezeretse madzulo okha, pamene dzuwa lalowa.